Kuyambira 2010 mpaka 2019, chachikulu chomwe chinachitika pa nyimbo, mafilimu ndi TV ndi chiti?

Nangondo_J:

Moni nonse. Ndili ndi funso koma ndikufuna mayankho a anthu otsatira zinthu, osati oti angobwera kudzatchula woimba wawo wapamtima basi. Tikatenga zaka khumi zija kuyambira 2010 mpaka 2019, ndi chiti chomwe munganene kuti ichi ndiye chinasintha zinthu pa nyimbo, mafilimu komanso pa TV? Sindikufunsa nyimbo yomwe munkaikonda ayi, imeneyo aliyense ali ndi yake, ndikufunsa chinthu choti chitangochitika zinthu sizinabwererenso mwakale. Ineyo ndimati ndi Black Panther ya 2018 koma mlongo wanga akuti ndikungotengeka, akuti filimu imodzi singasinthe kanthu olo itakhala yabwino chotani. Tandiuzeni inuyo mukuona bwanji.

Chikutumbwe77:

Chemwali funso labwino, koma pepani mlongo wanuyo akunena zoona pang'ono kkk. Black Panther inali yaikulu inde, koma ija inali chipatso chabe, mtengo wake ndi wina. Chomwe chinasintha zonse ndi njira yopezera zinthuzo. Mu 2010 munthu ukafuna nyimbo umagula CD kapena kukopera kwa mnzako pa flash kaya pa Bluetooth, ukafuna sewero la pa TV umadikira tsiku lake ndi nthawi yake ndipo ukaphonya waphonya basi udikire adzabwereze. Pofika 2019 zonsezo zinali zitalowa mu foni.

Tsiku lomwe ine ndimaliwerengera ndi 1 February 2013, pomwe Netflix inatulutsa House of Cards magawo onse 13 nthawi imodzi. Kampani imeneyi inayamba ndi kubwereketsa ma DVD kudzera pa positi ku America, kenako nkumaonetsa mafilimu a anthu ena pa intaneti, nde mwadzidzidzi ikupanga sewero lakelake lalikulu nkukuuza kuti nali lonse, ugone usagone zako zimenezo. Apa mpomwe panayambira matenda oti ndingoonera gawo limodzi lokha kenako tambala akulira. Mu January 2016 analengeza tsiku limodzi kuti alowa m'maiko ena 130, Africa yonse momwemo, ndipo pofika November 2019 Disney nayo inatsegula yake Disney+ itaona kuti ikutsalira.

Ku nyimbo nkhani yake ndi yomweyo. Spotify inayambira ku Sweden mu 2008, inalowa ku America mu 2011, Apple Music inabwera mu June 2015, ndipo pofika 2017 ndalama zochokera pomvera nyimbo pa intaneti zinaposa za ma CD dziko lonse lapansi koyamba. Oimba akuluakulu anayesa kukana. Taylor Swift anachotsa nyimbo zake zonse pa Spotify mu November 2014 nkudzazibwezera yekha mu June 2017. Adele atatulutsa chimbale cha 25 mu November 2015 anakana kuchiika pa Spotify poyamba ndipo anagulitsa makope 3.38 miliyoni sabata imodzi ku America kokha, koma taonani kuti palibenso anadzafikapo pamenepo mpaka kutha kwa 2019, kunali kutsanzikana ndi nthawi yogula chimbale kumeneko.

Ndipo zinasintha ngakhale kapekedwe ka nyimbo. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamvedwa munthu akadutsa masekondi 30, nde oimba anasiya zija zoyamba ndi gitala mphindi yathunthu, pano kolasi imabwera msanga kuti usadumphe. Old Town Road ya Lil Nas X yoyambirira siikwana ndi mphindi ziwiri zomwe, inatchukira pa TikTok, koma inakhala pa nambala wani ya Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, masabata 19 mu 2019 kuposa nyimbo ina iliyonse m'mbuyomo.

Mayi_a_Tada:

Achimwene a Chikutumbwe mwafotokoza bwino koma mwaima panjira. Foni ndi intaneti ndi zida chabe, funso ndi loti zinabweretsa chani. Kwa ine chachikulu pa zaka zimenezo ndi choti Chingerezi chinasiya kukhala chiphaso choti dziko lonse likumvere.

Kumbukirani 2012. Psy, bambo wa ku South Korea wonenepa pang'ono, wovala suti ndi magalasi akuda akuvina ngati wakwera hatchi, akuimba Chikoreya choti ambirife sitinkamva olo liwu limodzi, koma ana, agogo, maphwando a ukwati, aliyense ankavina. Pa 21 December 2012 Gangnam Style inakhala vidiyo yoyamba pa YouTube kufika 1 biliyoni. Chosangalatsa nchoti pa Billboard ku America inathera pa nambala 2, masabata 7 ili kumbuyo kwa One More Night ya Maroon 5, chifukwa nthawi imeneyo Billboard sinkawerengera YouTube, inkadalira kwambiri mawayilesi ndi malonda, ndipo mawayilesi a kumeneko sankaiimba mokwanira. Mu February 2013 anasintha lamulo nkuyamba kuwerengera YouTube, sabata yomweyo Harlem Shake inalowa pa nambala wani. Ndiye mukuona kuti vuto silinali loti anthu sakonda nyimbo za zilankhulo zina, vuto linali loti amene ankasankha zoti timve anali anthu ochepa a m'mawayilesi, atangoyamba kuwerenga zomwe anthu akudina okha zoona zinaoneka.

Kuchokera apo zinangotsatana. Despacito ya Luis Fonsi ndi Daddy Yankee mu 2017, Chisipanishi, masabata 16 pa nambala wani ku America atalowamo Justin Bieber, ndipo inali yoyamba kudutsa 3 biliyoni pa YouTube. BTS mu May 2018 anakhala gulu loyamba la ku Korea kufika pa nambala wani ya zimbale ku America. Money Heist inali sewero la pa TV ya ku Spain lomwe kwawo linali litayamba kale kuzilala, Netflix italitenga kumapeto kwa 2017 dziko lonse linayamba kuvala ma ovolosi ofiira.

Kwathu ku Africa kuno musaiwale kuti chitseko anachikankha ndi D'banj, Oliver Twist inalowa mu nyimbo khumi zapamwamba ku UK mu 2012. Kenako Drake ndi Skepta analowa mu remix ya Ojuelegba ya Wizkid mu 2015, chaka chotsatira One Dance ya Drake, Wizkid ndi Kyla inakhala masabata 15 pa nambala wani ku UK ndipo ndi nyimbo yoyamba kufika 1 biliyoni pa Spotify. Taganizani, nyimbo yoyamba m'mbiri ya Spotify kufika pamenepo muli mnyamata wa ku Lagos. Pofika 2019 Burna Boy akuimba ku Coachella, chikondwerero chachikulu cha nyimbo ku America, Beyoncé akupanga chimbale cha The Lion King: The Gift nkuitana Tiwa Savage, Yemi Alade, Shatta Wale, Busiswa ndi ena, osati kuwathandiza ayi koma chifukwa kumeneko nkomwe kunali moto.

Ndipo nkhani yomwe imandiseketsa mpaka lero ndi ya ma Oscar a chaka chomaliza chija. Nigeria inatumiza Lionheart ya Genevieve Nnaji ku gawo la mafilimu a maiko akunja, mu November 2019 anaichotsa ati muli Chingerezi chambiri, Chiigbo chochepa. Nthawi yomweyo dziko la Britain, eni ake Chingerezi, linatumiza ku gawo lomwelo The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, nkhani ya William Kamkwamba, ndipo inaloledwa chifukwa mbali yaikulu ndi Chichewa. Siinafike pa zisanu zomaliza koma tangoganizani, Britain kupikisana ndi filimu ya Chichewa pomwe Nigeria yachotsedwa chifukwa cha Chingerezi. Mpikisano umenewo anawina ndi Parasite ya Bong Joon-ho yomwe inatenga Palme d'Or ku Cannes mu May 2019, kenako mu February 2020 nkutenganso mphoto ya filimu yopambana zonse, koyamba filimu yosakhala ya Chingerezi kutero.

Dzungu_Boy:

Kkkkk mayi Chichewa chake chija cha mufilimu ija tinachita kuwerenga ma subtitle a Chingerezi kuti timve chilankhulo chathu chomwe. Koma ulemu wake apatsidwe Ejiofor, akanatha kungoijambula yonse mu Chingerezi ku South Africa ngati mmene ena amachitira, iye anabwera kudzajambula ku Malawi konkuno nkuphunzira mmene akanathera. Ndipo mwaiwala Zomba Prison Project, chimbale cha I Have No Everything Here chinasankhidwa kupikisana nawo pa Grammy ya 2016, akaidi ndi asilikali a ndende kupikisana ndi Angelique Kidjo yemwe anawina. Zimenezo mu 2005 ukanauza munthu akanati wapenga.

Kwangwanthu:

Inu nonse mukukamba ngati kusintha konseko kunali kwabwino kokhakokha. Ine ndikuti chachikulu pa zaka zimenezo ndi chomwe chinatha, kuonera chinthu chimodzi tonse nthawi imodzi. Ndipo sewero lomaliza lotero linali Game of Thrones.

Linayamba mu April 2011 nkutha mu May 2019, ndiye kuti linatenga pafupifupi zaka khumi zonse zomwe tikukambazi, masizoni 8 magawo 73. HBO sinatsatire za Netflix zotulutsa zonse pakamodzi, inali gawo limodzi pa sabata, Lamlungu usiku ku America, ndipo kuno a M-Net ankalionetsa 3 koloko m'bandakucha Lolemba nthawi yofanana ndi kumeneko, anthu nkumatchera alamu kuopa kuti akadzuka 6 koloko apeza wina walemba kale pa Facebook kuti uje wafa. Amene munaonera gawo la ukwati lija mu June 2013, sizoni yachitatu, mukudziwa zomwe ndikunena. Oimba ali pamwamba paja asintha nyimbo, mayi uja Catelyn akuyang'ana chitseko chikutsekedwa, kenako akukweza mkono wa malaya a Roose Bolton nkupeza kuti mkati wavala zachitsulo za kunkhondo pa phwando la ukwati, apa mpomwe unadziwa kuti zathera pano. Gawo litatha mayina anadutsa popanda nyimbo, zii. Sabata yonseyo kuntchito, m'ma gulu a WhatsApp, nkhani inali imodzi.

Mathero ake anakhumudwitsa inde, sizoni yomaliza inali ya magawo 6 okha ndipo anathamangitsa nkhani moti munthu yemwe takhala tikumutsatira zaka 8 anasintha khalidwe m'gawo limodzi, mpaka anaiwala kapu ya khofi patebulo pamaso pa Daenerys nkudzaifufuta ndi kompyuta anthu ataseka kale. Anthu opitirira miliyoni anasaina pa intaneti kuti sizoniyo ijambulidwenso. Koma olo kukwiyako tinakwiyira limodzi, gawo lomaliza linaonedwa ndi anthu 19.3 miliyoni ku America usiku womwewo. Pano ukafunsa anzako asanu kuti mukuonera chani aliyense akutchula zake, wina ali gawo lachitatu wina anamaliza kalekale wina sanamvepo nkomwe, nde mumangoti osandiuza osandiuza basi nkhani yathera pomwepo.

Ndipo poti tikukamba za TV, kwa amene tinakulira pa SABC chinachitika mu August 2014 sichinali chaching'ono. Ochita sewero la Generations 16 ananyanyala ntchito kufuna malipiro abwino komanso kachigawo ka ndalama seweroli likamaonetsedwanso kumaiko ena, Mfundi Vundla ndi kampani yake anawachotsa onse, Menzi Ngubane yemwe anali Sibusiso Dlomo, Sophie Ndaba yemwe anali Queen, onse kunja. Linasowa pa kanema miyezi iwiri nkubwera mu December ngati Generations: The Legacy nkhani italumpha zaka 20. Sewero loti linakhalapo kuyambira 1994. Ine sindinabwererekonso.

AnkoloAChimbale:

Ana inu mukukamba za mafoni ndi ma biliyoni, ife achikulirefe zaka zimenezo timazikumbukira ndi maliro. Whitney Houston mu February 2012. Tabu Ley mu November 2013. Chaka cha 2016 ndiye chinachita kunyanya, David Bowie mu January, Prince pa 21 April, patangodutsa masiku atatu pa 24 April Papa Wemba anagwa pa siteji ku Abidjan ali mkati moimba, ovina ake anapitiriza kuvina kwa kamphindi asanazindikire kuti mkulu uja sakudzukanso, ndipo zonsezo makamera akujambula. George Michael anatseka chakacho tsiku la Khirisimasi. Kenako Hugh Masekela pa 23 January 2018, ndipo Oliver Mtukudzi yemwe anali mnzake woimba naye limodzi anamwalira pa 23 January 2019, tsiku lomwelo chaka chimodzi chitadutsa.

Ndikutchula amenewa chifukwa anali anthu a bandi, munthu umadziwa woimba gitala wake, wa ng'oma, nyimbo imodzi mphindi 8 kapena 10 ndipo sumatopa. Zomwe akunena mphwanga Chikutumbwe za masekondi 30 zija ndiye zinakwirira kaimbidwe kameneko. Sindikuti za lero nzoipa, zina ndimagwedezera mutu ndithu, koma mwana wa lero akafuna kupeka nyimbo ya mphindi 10 amuuza kuti aidule.

Nangondo_J:

Zikomo nonse, ankolo mwandikumbutsa zachisoni. Mayi a Tada mfundo yanu yandigwira kwambiri, koma ndiloleni nditeteze Black Panther yanga pang'ono chifukwa mukuitenga ngati filimu wamba ya Marvel.

Muyambire kumbuyo. Mu 2014 12 Years a Slave inawina Oscar ya filimu yopambana, Lupita Nyong'o nkutenganso yake, anthu nkumati basi zasintha. Koma 2015 ndi 2016 zaka ziwiri zotsatana onse 20 osankhidwa pa mphoto za ochita sewero anali azungu okhaokha, mpomwe panabuka #OscarsSoWhite mpaka bungwe lopereka ma Oscar linayamba kulowetsa mamembala atsopano ambiri ochokera kumaiko ena komanso azimayi. Mu February 2017 Moonlight, filimu yopangidwa ndi ndalama zochepa kwambiri, inawina, ndipo mukukumbuka mmene zinakhalira, Warren Beatty ndi Faye Dunaway anapatsidwa envulopu yolakwika nkulengeza La La Land, anthu ake anakwera pa siteji nkuyamba kuthokoza makolo awo kenako mmodzi wa iwo omwe anachita kukweza kakhadi kuonetsa kamera kuti ayi wawina ndi Moonlight.

Koma chonsecho ku Hollywood kunali chikhulupiriro choti filimu ya anthu akuda ikhoza kuwina mphoto koma siingagulitsidwe kunja kwa America. Black Panther ndi yomwe inathetsa bodza limenelo, madola opitirira 1.3 biliyoni, wotsogolera Ryan Coogler wakuda, ochita sewero pafupifupi onse akuda. Chilankhulo cha ku Wakanda, dziko lopeka la mufilimuyi, ndi Chixhosa chenicheni chomwe anabweretsa John Kani, mabulangete aja asilikali a m'malire amafunda ndi a Abasotho, mikanda ya m'khosi ya asilikali aakazi inatengera kwa Andebele, mawu oimba omwe amamveka T'Challa akulowa m'dziko lake ndi a Baaba Maal wa ku Senegal, ndipo pa chimbale chomwe anasonkhanitsa Kendrick Lamar muli Sjava ndi Babes Wodumo. Inali filimu yoyamba ya ma superhero kupikisana nawo pa Oscar ya filimu yopambana, inatenga mphoto zitatu, ndipo Ruth Carter wa zovala ndi Hannah Beachler wokonza malo ojambulira anali anthu akuda oyamba kuwina m'magawo awo. Ngakhale ku Saudi Arabia atatsegulanso nyumba zoonetsera mafilimu mu April 2018 patatha zaka 35 zili zoletsedwa, yoyamba kuonetsedwa inali yomweyi. Nde mlongo wanga akamati filimu imodzi singasinthe kanthu ine ndimati imeneyi inasintha zomwe eni ndalama amakhulupirira, ndipo ku Hollywood chimenecho ndiye chilichonse.

Chikutumbwe77:

Chemwali mwaiteteza bwino, koma mwatchula nokha eni ndalama, nde tafunsani kuti 1.3 biliyoni ija inapita kuti. Inapita ku Disney. Disney inagula Marvel mu 2009, Lucasfilm ya Star Wars mu 2012 pa madola 4 biliyoni, kenako mbali yaikulu ya Fox mu 2019 pa madola opitirira 71 biliyoni. Mwa mafilimu otuluka mu 2019, 7 a Disney anadutsa biliyoni iliyonse, Avengers: Endgame yomwe inaposa Avatar mu July chaka chimenecho, The Lion King, Frozen II, Captain Marvel, Toy Story 4, Aladdin ndi Star Wars yomaliza ija. Tayang'anani mndandandawo, palibe olo imodzi ya nkhani yatsopano, zonse ndi zopitiriza kapena zobwereza zakale. Martin Scorsese atadandaula mu October 2019 kuti mafilimu a Marvel akufanana ndi malo a masewera osangalatsa anthu kusiyana ndi sinema anamutukwana pa Twitter, koma iyeyo filimu yake The Irishman makampani akale anaopa kuilipira, anachita kuitenga ndi Netflix. Nchifukwa chake ndikubwerera pa mfundo yanga, nkhani za anthu akuluakulu zinathawira ku foni ndi pa TV, m'nyumba zoonetsera mafilimu munatsala ma superhero ovala zophimba kumaso.

Zomwe akunena mayi a Tada za zilankhulo ndikugwirizana nazo, koma kumenekonso tiyeni tisasangalale mopitirira. Wizkid anamveka dziko lonse inde koma dzina lalikulu pa One Dance ndi la Drake, Despacito inafika pa nambala wani ku America Bieber atalowamo, ndipo nkhani ya Kamkwamba ili pa Netflix, wofuna kuionera alipire kampani ya ku California.

Mayi_a_Tada:

Zoona achimwene poyamba ankafunika kugwiridwa dzanja, koma onani mmene zaka khumizo zinathera. Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode inatuluka kumapeto kwa 2019, Chizulu chokhachokha, mulibe Drake mulibe Bieber. Amene anaiyatsa ndi achinyamata a ku Angola omwe anadzijambula mu February 2020 akuvina atanyamula mbale za chakudya m'manja, kenako nthawi ya Covid anamwino, apolisi, ansembe ndi ogwira ntchito m'ndege ku Ulaya konse anayamba kuvina. Remix ya Burna Boy inabwera nyimbo itayaka kale ndipo iyenso ndi wa ku Africa konkuno. Funso ndi loti chemwali Nangondo atilola kuiwerengera mu zaka zawo zija poti inatuluka 2019 koma inaphulika 2020.

Nangondo_J:

Iwerengereni mayi, Parasite mwailowetsa kale ndi Oscar yake ya 2020 ndipo palibe anadandaula kkk. A Kwangwanthu inu simunatiuze, pa Breaking Bad yomwe inatha mu September 2013 ndi Game of Thrones yanuyo, mukanati musankhe imodzi yoti muionerenso kuyambira gawo loyamba mukanatenga iti, poti ina inatha bwino ina inatha ndi kapu ya khofi.